MKRISTU WA KU CHIBOLYA NDI VOTI YACE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja, ndipo yasindikizidwa pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi amene anaimva aisinkhesinkhe bwino.

Munthu akacoka pa Cairo Road m'Lusaka nalunjika kumadzulo, naoloka mseu wa Lumumba, sayenda nthawi yaitali asanafike ku Chibolya, pafupi ndi msika wa Soweto, kumalire a Kanyama. Dzinali ndi la Ciwemba, ndipo m'Cinyanja litanthauza bwinja, mudzi umene eni ace anausiya. Koma amene anapondako adziwa kuti dzinali linama, pakuti anthu ali piringupiringu usana ndi usiku. Masiku ano ambiri akamva za Chibolya aganiza za camba ndi apolisi basi. Nkhani ino siri ya camba ai. Iri ya funso limene linabvuta anthu a m'makomboni a Lusaka kuyambira 1953 kufikira 1964, ndipo kufikira lero silinagone: ngati anthu onse ali olingana pamaso pa Mulungu, monga aphunzitsa machalichi onse, nanga pamaso pa Boma ayesedwa ndi muyeso wanji?

LUSAKA WA MASIKU AJA

Lusaka anasanduka likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Amene analinganiza mzindawo anaika nyumba za Boma ndi za Azungu kumtunda kwa kum'mawa, kumene kuli kamphepo ndi mitengo ya mthunzi. Anthu akuda anawayesa alendo odzagwira nchito, amene adzabwerera kwao nchito ikatha. Cotero anawapatsa malo otsala. Kumadzulo, kumene kuli Chibolya ndi Kanyama, dziko liri lacidikha, mwala uli pafupi pansi pa dothi, ndipo mvula ikagwa madzi asowa kolowera.

Omvera aganizire munthu mmodzi wa masiku amenewo; dzina lace silifunika, pakuti otere anali ambiri. Anacokera ku Fort Jameson kapena ku Petauke, anaphunzira pa sukulu ya mishoni kufikira Standard IV, nadza ku Lusaka kudzafuna ndalama za msonkho ndi za zobvala. Nchito yace inali yosenza matumba ku sitima za katundu. M'thumba mwace simunasowe citupa, cifukwa wopanda citupa anagona ku polisi. Akafuna nyama ku buchala sanaloledwa kulowa pakhomo. Anaima panja pa kazenera ka kumbali, nalandira phukusi lomangidwa kale, osaona za m'kati mwace kufikira atafika kunyumba. Kamnyamata ka Cizungu kanamuitana "boyi", angakhale iye anali ndi imvi.

Koma tsiku la Mulungu munthu yemweyo anali wina. Anabvala jekete lace, natenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo, nakakhala pa mpando wa akuru a mpingo. Akristu anzace ndiwo anamsankha pokweza manja. Pa bwalo la mpingo anaweruza milandu ya maukwati, nawerengera ndalama za copereka, natsutsana ndi mbusa Mzungu pamene mbusayo analakwa. Kumeneko ndiko anaphunzira kuti msonkhano ukhala ndi wa pampando, ndi mlembi, ndi wosunga cuma. Kuti mau a ambiri ndiwo apambana. Ndi kuti wogonja sacita ndeu. Ndipo pa Mgonero wa Ambuye anamva kawirikawiri kuti mtengo umene unaombola iye ndi womwewo unaombola Bwanamkubwa. Amishoni ambiri sanadziwe kuti pophunzitsa zimenezi anali kufesa mbeu ya ndale. Koma mbeu siifunsa wofesa kuti imere pati.

Sikunali kodabwitsa tsono kuti atsogoleri a African National Congress anaturuka m'masukulu a mishoni. Harry Mwaanga Nkumbula, amene anakhala mtsogoleri wa Kongresi mu 1951, analeredwa ndi a Methodist, naphunzira pa sukulu yao ya ku Kafue asanapite ku Makerere ndi ku London. Kenneth Kaunda, amene anadza ku Lusaka mu 1953 kudzakhala mlembi wamkuru wa Kongresi, anali mwana wa David Kaunda, mlaliki wocokera ku Nyasaland amene a Livingstonia anamtuma ku Chinsali. Mu March 1953, Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland ciri pafupi kukhazikika, Nkumbula anatentha kalata ya Boma la ku Mangalande yofotokoza za Citaganyaco pamaso pa khamu la anthu m'Lusaka, naitana onse kuti pa 1 ndi pa 2 April asapite ku nchito, koma akhale m'mapemphero. Boma linaopseza anchito ace kuti lidzawacotsa, ndipo bungwe la anchito a ku migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, silinalowemo; cotero mapempherowo sanaletse Citaganya. Koma anasonyeza cinthu cimodzi: kwa anthu a m'makomboni, kupemphera ndi kudandaula za dziko sizinali nchito ziwiri. Caka cotsatira, 1954, amai ndi abambo a Lusaka anaima pa makomo a mabuchala, naletsa anzao kugula pa kazenera.

ANTHU A PAKATI

Pakati pa Kongresi ndi Azungu ofuna Citaganya, amene wochuka wao anali Roy Welensky, panali kagulu kacitatu. M'Cingerezi munthu wa kaguluka achedwa liberal. Liuli licokera ku mau otanthauza ufulu, ndipo liberal ndiye wokhulupirira kuti munthu ali yense payekha ali ndi zace zimene Boma silingamlande: kunena za kukhosi, kupembedza monga afuna, kusonkhana ndi anzace, ndi kusamangidwa popanda mlandu woweruzidwa poyera. Akhulupiriranso kuti dziko lisinthike ndi kukambirana, si ndi mikondo ai. M'maiko atatu a Citaganya, ambiri a kaguluka anali amishoni, ana a amishoni, kapena anthu oleredwa m'chalichi.

Wamkuru wao m'Northern Rhodesia anali Sir John Moffat. Atate wace, mbusa Malcolm Moffat, ndiye anatsegula mishoni ya Chitambo, m'dziko limene David Livingstone anafera. Ndipo Malcolm anali mdzukulu wa Robert Moffat wa ku Kuruman, mpongozi wa Livingstone. John Moffat anagwira nchito ya Boma kumidzi zaka zambiri, ndipo pambuyo pace anakhala m'Bwalo la Malamulo monga woimira anthu akuda, pakuti masiku amenewo Boma linaika Azungu ena kuti alankhulire eni dziko. Mu 1954 anabweretsa m'Bwalomo mfundo zinai zimene zinachedwa ndi dzina lace. Mtima wa mfundozo unali wakuti mtundu uli wonse ucotsedwe mantha akuti unzace udzaupondereza, ndi kuti munthu ali yense akwere monga mwa khalidwe lace, nzeru zace ndi khama lace, kosayang'ana khungu kapena cipembedzo. Pafupifupi onse a m'Bwalo anabvomereza. Koma kazenera ka ku buchala sikanamve.

Linalipo bungwe lina, Capricorn Africa Society, limene David Stirling, msilikari wochuka wa nkhondo yaciwiri, analiyamba mu 1949. Mmodzi wa olikometsa polemba anali J. H. Oldham, nkhalamba yolemekezeka m'mabungwe a amishoni a dziko lonse. Mu June 1956 anthu a mitundu yosiyana anasonkhana ku Salima, m'mbali mwa nyanja, nadya pamodzi, cinthu cosaonekaoneka masiku amenewo, nalemba pangano lakuti tsankho la khungu lithe. Koma pa nkhani ya voti panganolo linati asavote munthu ali yense ai, koma wofikira muyeso wa maphunziro kapena wa cuma. Ndipo wopambana pa muyesowo akhale ndi mavoti ambiri, kufikira 6.

Anthu a m'makomboni sanadikire za ku Salima kuti aweruze bungwelo. Kuyambira 1952 dzina lakuti kapirikoni linasanduka citonzo, kutanthauza wogulitsa abale ace. Panamveka mphekesera zoopsya: kuti shuga wa m'masitolo wathiridwa mankhwala oletsa kubala, ndi kuti akapirikoni ayenda usiku kugwira anthu kuti awacotse mwazi. Ngakhale olengeza ndi oimba a pa wailesi ya Lusaka ananenezedwa cotero, monga anafotokoza Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, m'buku lace la 1959 lochedwa Wayaleshi. Zonsezi zinali zabodza. Koma bodza limera msanga pa nthaka ya mantha, ndipo mantha aja anali ndi cifukwa cace: mafumu ndi ophunzira omwe anakana Citaganya ndi mau amodzi, ndipo sanamvedwe.

Cipani coyamba ca anthu a pakatiwa cinali Constitution Party, ca mu 1957. Munali Dr. Alexander Scott, ndi Katilungu yemwe uja, ndi abusa awiri a Methodist, Merfyn Temple ndi Colin Morris. Mu 1959 cinalowedwa m'malo ndi Central Africa Party, cimene mtsogoleri wace ku Southern Rhodesia anali Garfield Todd, mmishoni wa ku Dadaya, amene anzace anamgwetsa pa unduna waukuru mu 1958 pomuyesa wokondera anthu akuda. M'Northern Rhodesia anacitsogolera Moffat, ndipo pa masankho a March 1959 cinapata mipando 3: wa Moffat, wa Alfred Gondwe, ndi wa Harry Franklin. Omvera wailesi ayenera kumdziwa Franklin ameneyu, pakuti ndiye anakuza wailesi ya anthu akuda m'Lusaka, nacita khama kufikira mu 1949 inadza wailesi yaing'ono ija ya batire yonga sefuliya, yochedwa Saucepan Special. Mu 1960 anthu omwewa anayamba Liberal Party, ndipo mu 1961, nduna za cipani ca Welensky zitaturuka m'Boma mokwiya, atatuwo anapatsidwa unduna.

MUYESO WA MAPAUNDI

Anthu awa sanali onyenga. Ena anataya abwenzi, ena anatukwanidwa ndi Azungu anzao monga opereka mtundu wao. Maganizo ao anali otere: voti ndi mpeni wakuthwa, ndipo mpeni supatsidwa kwa munthu asanadziwe kuugwira, dziko lacepa ophunzira, likafulumira, Azungu adzathawa ndi cuma cao, ndipo wamphamvu mmodzi adzakwera pa misana ya osadziwa kuwerenga. Tsono anthu alowe pang'ono pang'ono, kufikira tsiku limene mitundu idzaleka kuopana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo za kucepa kwa ophunzira sananame, pakuti pa tsiku la ufulu dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite.

Koma kudekhako kunali ndi mtengo wace wolembedwa m'mapaundi. Kale wovota anayenera kukhala nzika ya Britain, pamene eni dziko anawerengedwa otetezedwa cabe. Cotero anthu akuda olembedwa m'buku la voti sanakwane ngakhale 20 m'dziko lonse. Malamulo a masankho a 1959 anatsegula citseko, koma anasiya mpiringidzo. Wofuna kulowa m'buku lalikuru anayenera kulandira £720 pa caka, ndiko kuti £60 pa mwezi. Wotsiriza sukulu ya pulaimale, £480. Wa zaka zinai za sekondale, £300. Panali buku lina laling'ono la olandira £150, koma voti ya m'menemo inali yopepuka. Anthu a pakati sindiwo analemba malamulowa, koma anabvomereza kuti muyeso ukhalepo, nalowa m'masankho amene a Kaunda anawakana. Masiku ocepa masankhowo asanacitike, Boma linatseka Zambia African National Congress, cipani ca Kaunda cimene cinapatukana ndi Nkumbula mu October 1958, ndipo Kaunda anatumizidwa ku Kabompo.

Mkuru wa mpingo uja wa ku Chibolya analandira mapaundi owerengeka pa mwezi. Sanalowe m'buku lalikuru, ngakhale m'laling'ono. Ndipo mafunso ace anawatenga m'ciphunzitso comwe amishoni anampatsa. Pa gome la Ambuye palibe anamfunsa za malipiro ace. Pobatizitsa mwana wace palibe anamuitanitsa setifiketi ya Standard VI. Msonkho anapereka wathunthu, ndipo lamulo likamgwira linamgwira thupi lonse, si mkono umodzi ai. Nanga bwanji pa tsiku losankha opanga lamulolo iye asanduka mwana? Ndiponso ndani anacedwetsa sukulu? Sekondale yoyamba ya anthu akuda, Munali, inayamba mu 1939, Azungu atalamulira zaka makumi anai. Ndipo Boma lomwe linacedwalo ndilo linati dikirani muyambe mwaphunzira. Pa mwambi wa nkhono anayankha ndi mwambi unzace: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Lonjezo la anthu a pakati linayesedwanso ku Salisbury. M'malamulo a Citaganya munali kabungwe kochedwa African Affairs Board, koikidwa kuti kakhale cikopa ca anthu akuda, ndipo Moffat anali wa pampando wace. Mu 1957 kabungweko kanaweruza kuti lamulo latsopano losintha mipando ya Bwalo la Citaganya liri la tsankho. Boma la ku London linamva, nililoleza lamulolo ndithu. Mbusa Andrew Doig wa Church of Scotland, amene anaimira anthu a Nyasaland m'Bwalomo, anatula pansi udindo wace mu 1958. Cikopa cija cinapezeka kuti ndi ca pepala.

Pa zaka zomwezo machalichi anayamba kusuntha. Mu January 1958 mabishopu a Katolika analembera Akristu ao a mitundu yonse kalata yotsutsa tsankho la khungu. Ku Chingola, kumene Colin Morris anafika mu 1956, Azungu ambiri anaturuka m'chalichi cace pomva ulaliki wace, ndipo ena anadza usiku naononga za m'katimo. Mu 1960 Morris ndi Kaunda, amene anali atangoturuka m'ndende, anatsutsana poyera m'kabuku kochedwa Black Government?, ndipo wokasonkhanitsa anali Merfyn Temple, kumene anali kugwira nchito ya mabuku a Cikristu m'Lusaka. Sanabvomerezane pa zonse, koma anakhala mabwenzi moyo wao wonse. Temple anaona kuti pakati palibenso poima, nalowa UNIP; Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu anacita comweco.

Ciweruzo cinadza pa 30 October 1962. Malamulo a masankho amenewo anagawa mipando patatu: 15 ya buku lapamwamba, 15 ya buku lapansi, ndi 15 ya dziko lonse. Pofuna kupata mpando wa dziko lonse, munthu anayenera kulandira voti imodzi mwa khumi kwa anthu akuda, ndi imodzi mwa khumi kwa Azungu. Mipando imeneyi inakhala ngati yosokedwera a Liberal Party, monga malaya oyezedwa pathupi. Koma Azungu anatsata cipani ca Welensky, anthu akuda anatsata Kaunda ndi Nkumbula, ndipo a Liberal sanapate mpando ngakhale umodzi. Cipanico cinatha, nicilangiza anthu ace kuti athandize UNIP. Mu December Kaunda ndi Nkumbula anapanga Boma pamodzi. Citaganya cinaikidwa m'manda pa 31 December 1963. Ndipo mu January 1964 mkuru wa mpingo uja anaima pamzere pamodzi ndi mkazi wace, naponya voti yolemera cimodzimodzi ndi ya mphunzitsi ndi ya kalaliki. UNIP inapata mipando 55, Kongresi 10. Pa funso la muyeso, munthu wa ku Chibolya ndiye anakhoza, ndipo abusa ophunzira analakwa.

MAU AKAGONERA

Nkhani ikadathera pamenepa ikadakhala yaifupi ndi yokoma. Koma akale anati mau a akuru akoma akagonera. Anthu a pakati anali ndi katundu wamitundu iwiri m'dengu limodzi. Muyeso wa mapaundi unali mankhusu, ndipo unayenera kuuluka. Koma pansi pace panali maso a cimanga: ciphunzitso cakuti unyinji nawonso ukhoza kulakwa, ndi kuti munthu mmodzi wokana ayenera kuchinjirizidwa.

Ciphunzitsoci cinafunika msanga. Mu July 1964, ufulu uli pakhomo, nkhondo inabuka ku Chinsali, nifalikira ku Lundazi, pakati pa a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, amene anakana makadi a cipani, ndi anthu a UNIP pamodzi ndi asilikari a Boma. Mbali zonse zinakhetsa mwazi, ndipo akufa anaposa 700. Malamulo a nthawi ya ngozi amene anaikidwa mwezi umenewo, opatsa Boma mphamvu yosunga munthu popanda kumweruza, sanacotsedwe kufikira 1991. Ana a Mboni za Yehova anacotsedwa m'masukulu cifukwa cokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitira mbendera sawaca, ndipo mlandu wao utafika ku High Court mu 1967 anagonja. Mu February 1972 cipani ca Simon Kapwepwe cinatsekedwa, iye namangidwa. Ndipo mu December caka comweco Zambia inakhala dziko la cipani cimodzi.

Amene anaima kutsutsa zimenezi m'Bwalo la Malamulo ndi m'makhoti anali Nkumbula, yemwe uja anatentha kalata mu 1953. Anagonja, ndipo mu June 1973 anasaina pangano la ku Choma nalowa UNIP. Koma nkhondo yace sinaiwalike: wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lace la 2010 lonena za moyo wa Nkumbula, anamuika m'gulu la ma liberal. Cotero dengu limene Moffat analitula linasenzedwa ndi mwana wa sukulu ya Methodist wa ku Namwala.

Zipani zina zitatsekedwa, pakamwa potsala panali pa guwa. Mu 1972 machalichi anayamba nyuzipepala yao, National Mirror, imene inalemba zimene ena anaopa. Mu 1979 mabungwe atatu, la mabishopu a Katolika, la Christian Council ndi la a Evangelical, analemba kalata imodzi yokana kuti ciphunzitso ca Marx cilowe m'masukulu mokakamiza. Mu June 1990 mtengo wa unga unakwera, makomboni a Lusaka anawira, ndipo anthu oposa 20 anafa. Mwezi wotsatira mabishopu analemba poyera kuti gwero la bvuto ndi ulamuliro wosayankha kwa anthu. Mu July 1991, pamene Kaunda ndi Frederick Chiluba anasemphana pa malamulo akuru a dziko, atsogoleri a mipingo anawakhazika pansi m'Cathedral ya Holy Cross, napangana. Pa 31 October anthu anavota, mipingo itatuma anthu ace kukayang'anira mabokosi. Chiluba anapambana, ndipo Kaunda, mwana wa mlaliki, anatula mpando mwamtendere.

Ufulu umene unadza pamenepo unali ndi nkhope ziwiri. Pakamwa panamasuka; koma misika inamasukanso. Boma linaleka kucepetsa mtengo wa unga, makampani ace anagulitsidwa, nchito zambiri zinatha, ndipo ku cipatala kunayamba malipiro. Ambiri a ku Chibolya ndi Kanyama anasanduka ogulitsa za m'manja m'mbali mwa miseu. Mipingo yomwe inalimbira masankho inayamba kufunsa ngati munthu wanjala ali mfulu ndithu, nitsogolera pempho lakuti ngongole za dziko zikhululukidwe. Ndipo gawo lalikuru linakhululukidwa kuyambira 2005.

Pa 29 December 1991 Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'ciyambi ca malamulo akuru. Akristu ambiri anakondwa. Koma mabishopu a Katolika ndi a Christian Council anadandaula kuti sanafunsidwe, nacenjeza kuti dziko lidziwika kuti ndi la Cikristu ndi nchito zace kwa osauka, si ndi cikwangwani ai, ndi kuti Msilamu, Mhindu ndi wosapembedza ali nzika zathunthu. Ndipo mu 2001, pamene mtsogoleri yemweyo anafuna kusintha malamulo kuti alamulire kacitatu, mabungwe atatu aja a mipingo anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amai mu Oasis Forum, namkaniza. Comweco anasonyeza kuti kuchula dzina la Mulungu sikuika munthu pamwamba pa lamulo.

KUBWERERA KU CHIBOLYA

Mkuru wa mpingo uja anagona kale. Adzukulu ace, ngati akali ku Chibolya, ali ndi voti imene palibe angaiyese ndi ndalama. Koma muyeso wakale uja, atauturutsa m'buku la voti, unakabisala kwina. Mnyamata wofuna nchito akachula kumene akhala, kawirikawiri nkhope ya womfunsa isinthika. Ogulitsa camba akafunidwa, wosalakwa aopa kuti adzatengedwa pamodzi ndi wolakwa cifukwa ca komboni yace. Madzi a mvula akali kusowa kolowera, ndipo kolera ya 2017 ndi ya 2023 inakantha kwambiri makomboni a kumadzulo kwa mzinda. Komabe m'bwinja lomweli munaturuka anyamata amene anayambitsa Circus Zambia, naonetsa masewera ao kutsidya kwa nyanja. Ndipo tsiku la Mulungu liri lonse nyimbo zimveka m'machalichi a njerwa ndi a malata omwe.

Tsono Mkristu wa lero alandira colowa kwa makolo awiri amene anakangana. Kwa a Kongresi alandira cakuti munthu sagula umunthu wace ndi mapaundi kapena setifiketi. Kwa anthu a pakati alandira cakuti wopambana masankho sakhala Mulungu, ndipo mnansi wa cipani cina, wa mpingo wina, kapena wa komboni yonyozeka ali ndi zace zosalandika. Zonse ziwiri zinamera pa ciphunzitso cimodzi, cakuti munthu analengedwa m'cifanizo ca Mlengi wace. Wogwira coyamba cokha akhoza kuombera m'manja pamene mnzace wokana amangidwa. Wogwira caciwiri cokha akhoza kulankhula za ufulu mokoma, wosauka akali kuima pa kazenera.

Omvera amene amva nkhaniyi pamodzi, kunyumba kapena pa bwalo, akambirane funso ili: m'mpingo mwao ndi m'komboni mwao, ndani lero aima panja pa kazenera, ndipo ndani amlankhulira? Amene makolo ao anaona masiku a citupa ndi a mapemphero a April 1953 acita bwino kuwafunsa akali moyo, ndi kulemba zimene amva. Pakuti otsala a mbadwo umenewo ali ocepa, ndipo makalata otere adzalandiridwa ndi manja awiri.